ULENDO WA KU DWANGWA, KUMENE NZIMBE ZIYENDETSA GALIMOTO

Mlamu wanga anaphunzitsa ana kwa zaka 30 m'masukulu a ku Chadiza ndi ku Vubwi, ndipo pamene analandira ndarama zao zopumira pa nchito anakwera basi kupita ku Lusaka, nabwerako ndi galimoto. Inali galimoto yaing'ono yoyera, yoyendera petulo, imodzi mwa zija zimene zifika kuno zitatha kale zaka zingapo m'miseu ya ku Japan. Colinga cao cinali cakuti izinyamula anthu ndi matumba a nshawa pakati pa mudzi ndi Chipata, kuti pakhomo pasasowe mcere ndi sopo popeza malipiro a pamwezi anali atatha. Wogulitsa anawapatsa kalata ya lonjezo, imene amalonda aicha waranti, yonena kuti injini ikabvuta m'kati mwa miyezi 6 adzaikonza popanda malipiro. Kalatayo alamu anaipinda bwino naisunga m'Baibulo, osaiwerenga mpaka kumapeto. Ine ndinaiona tsiku lomwelo, ndipo nanenso ndinangoyamikira cidindo cace.

Mwezi wa Seputembala m'caka ca 2024, mwambo wa Kulamba utatha ku Mkaika, kunabwera uthenga wakuti abale athu a ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota ku Malawi, amanga ciliza pa manda a amalume. Amalumewo anacoka kwathu ali mnyamata kukadula nzimbe, nakwatira komweko, ndipo anamwalira osabwereranso. Tinanyamuka atatu: alamu, mlongo wanga amene ndiye mkazi wao, ndi ine. Galimoto inali itakhala nao miyezi iwiri yokha.

Pa cipata ca Mwami sitinacedwe, pakuti kuyambira mu 2022 anchito a maiko awiriwa aonera mapepala pa malo amodzi. Mchinji ndi Lilongwe tinangodutsa, ndipo za kumeneko palibe cimene ndingauze munthu wa ku Chipata, cifukwa minda, midzi ndi cilankhulo ziri monga za kwathu. Dziko liyamba kusintha munthu akamatsika mapiri kulowera ku Salima. Mphepo yozizira ya kumtunda itsala m'mbuyo, milambe iyamba kuoneka, ndipo kutentha kwa kunyanja kulowa m'galimoto ngati mwatsegula citseko ca khichini. Pa Salima mafuta anali atatsala pang'ono, cotero tinaima pomwetsera mafuta ndi kudzaza thanki mpaka pakamwa. Alamu anatenga lisiti nalisunga m'thumba la malaya, cizolowezi ca aphunzitsi, ndipo pambuyo pace lisitilo linakhala mboni pa mlandu.

Kucokera pa Salima mseu ukhotera kumpoto, nyanja iri kudzanja lamanja, nthawi zina yooneka, nthawi zina yobisika kuseri kwa midzi ndi madambo a mpunga. Pa Chia anyamata anatithamangira atakweza nsomba m'mwamba, ndipo mlongo wanga sanalole kuti tipitirire osagula. Pa Nkhotakota tinapatuka pang'ono kukaona mtengo waukulu umene anthu ati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, masiku amene dooko la kumeneko linali kuolotsa akapolo kupita nao kutsidya la nyanja. Tinakhalapo kanthawi kocepa, cifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo ku Dwangwa kunali kukali patsogolo.

Titaoloka mtsinje wa Bua galimoto inayamba kutsokomola. Poyamba inali kungodumpha pang'ono pokwera citunda, ndipo alamu anati ndi mseu, pakuti madzi osefukira a kuciyambi kwa caka cimeneco anali ataononga malo ambiri. Koma kutsokomolako kunakula, mphamvu inathawa, ndipo titalowa pakati pa minda ya nzimbe injini inazima yokha. Alamu analiza kasanu konse, koma inangolira osadzuka.

Malo amene tinaimapo sindidzawaiwala. Inu amene muzolowera nzimbe za m'dimba, mapesi khumi kapena makumi awiri m'mbali mwa citsime, simungaganize kukula kwa minda ya ku Dwangwa. Dziko liri see ngati mphasa kucokera m'munsi mwa mapiri mpaka kunyanja, ndipo lonselo labvala nzimbe, zina zobiriwira zofika m'ciuno, zina zazitali zoposa munthu, zina zodulidwa kale kutsala nthaka yakuda. Ngalande za madzi zidutsa pakati pace molunjika. Kutada, tinaona moto waukulu patali, ndipo mlongo wanga anaopa kuti mudzi ukupsa, koma munthu wa njinga amene anaima kutithandiza anaseka nati atentha masamba a nzimbe kuti odula akagwire bwino nchito m'mawa. Mumphepo munali fungo lolemera lotsekemera, lofanana ndi la thobwa wogonera, ndipo munthuyo anati limenelo ndilo fungo la Dwangwa, eni ace saliinunkhanso.

Abale anabwera natikoka ndi cingwe mpaka pa malo a malonda. M'mawa mwace anatiitanira makanika, bambo wa imvi zocepa amene galaja lace linali mthunzi wa mtengo wa mango ndi bokosi la zitsulo. Sanafulumire kumasula kanthu. Anamvetsera kulira kwa galimoto, nafunsa kumene inacokera, miyezi imene yakhala kwathu, ndi kumene tinamwetsa mafuta. Atamva za Salima anagwedeza mutu nati, "Acikulire, galimoto yanu yalawa petulo wa kuno koyamba. Tiyeni tione cimene yasanza."

Anacotsa mpando wa kumbuyo, natsegula thanki capamwamba, nakoka mafuta a pansi penipeni ndi kapaipi kuwathira m'botolo loyera. Botololo analiimika pa mwala natiuza kuti tidikire. Patapita mphindi zowerengeka, zimene zinali m'botolomo zinagawikana pawiri. Pamwamba panayandama petulo, ndipo pansi panakhala madzi otuwa ngati otsukira mpunga, okwana zala zitatu, ndi tizidutswa tofiira ta dzimbiri. Sefa ya mafuta atailitsegula inali yodzaza ndi matope a dzimbiri lomwelo, ndipo pampu ya mafuta inali itapsa cifukwa colimbana ndi kukoka zosakokeka.

Apa mpamene ndinamva bwino nkhani imene kale ndinali kungoimva patali. Petulo wogulitsidwa ku Malawi ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo ethanol ndiye kacasu weniweni, wochezedwa mpaka madzi onse atacoka. Mlingo wace wakhala ukusintha malinga ndi zaka ndi kupezeka kwace, pakati pa malita 10 ndi malita 20 pa malita 100 alionse. Wa malita 10 auchula kuti E10, wa malita 20 E20. Tsono kacasu ndi madzi ndi apaubwenzi, pamene petulo ndi madzi sagwirizana konse. M'thanki ya petulo wopanda ethanol, madzi amene alowamo akhala phee pansi, nadya citsulo pang'onopang'ono popanda mwini kudziwa. Mukathiramo petulo wosakaniza, ethanol amwa madziwo ngati ali ocepa, napsa nao m'injini popanda bvuto. Koma madzi akacuruka, iwo ndiwo akoka ethanol kumcotsa m'petulo, ndipo ziwirizi zitsikira pamodzi pansi pa thanki, pomwe pali kamwa ya pampu. Pamenepo injini ipatsidwa madzi m'malo mwa mafuta. Ndiponso ethanol atsuka. Dzimbiri ndi utoto wa mafuta akale zimene zinamatirira m'thanki kwa zaka, iye azisungunula ndi kuzitumiza ku sefa.

Alamu anakwiya, nati tsono boma lilola bwanji kugulitsa mafuta oononga galimoto za anthu. Makanika uja sanakweze mau. Analoza mseu, m'mene munali kudutsa maminibasi, tigalimoto ta hayala ndi njinga zamoto, nati, "Zonsezi zimwa petulo yemweyu tsiku ndi tsiku, acikulire, ndipo zambiri zinacokera ku Japan komweko. Mafuta sanabwere ndi dzimbiri. Analipeza." Ine ndinakumbuka mau a akulu onena za cikomekome ca nkuyu, koma sindinawachule, pakuti alamu anali ataikapo ndarama za moyo wao wonse.

Sindinena kuti ethanol alibe mlandu konse. Lita imodzi ya ethanol iri ndi mphamvu yocepa poyerekeza ndi lita ya petulo, kupereweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Cotero mafuta amene akanakuyendetsani makilomita 100, akakhala E10 akuyendetsani monga 97, ndipo akakhala E20 monga 93 kapena 94. M'galimoto zakale zija za kabureta, ethanol aumitsa kapena kufewetsa mapaipi a mphira ndi tizitsekero ta m'kati, mpaka mafuta ayamba kudontha. Galimoto za makono ziri ndi kompyuta imene iyeza utsi ndi kuonjezera mafuta payokha, ndipo zambiri zilandira E10 popanda cobvuta, koma si zonse zinapangidwira E20. Ku Japan kwenikweniko lamulo linali kulola malita 3 okha pa 100, ndipo E10 analoledwa mu 2012 kwa galimoto zokhazo zopangidwira mafutawo. Ubwino wace ulipo: ethanol athandiza petulo kupsa bwino osagogoda injini, nchito imene kale inali kugwiridwa ndi mtobvu uja wapoizoni umene maiko a cigawo cino ca Africa analeka kuthira m'petulo pofika mu 2006.

Pamene makanika anali kutsuka thanki ndi kufunafuna pampu ina m'magalaja a anzace, ife tinali ndi tsiku lathunthu lopanda cocita. Mkulu wina amene anagwira nchito pamodzi ndi amalume anatiperekeza mpaka pafupi ndi mpanda wa fakitale, tikumapatukira mathirakitala ndi malole odzaza nzimbe zakuda ndi mwaye. Iye ndiye anatifotokozera ciyambi ca zonsezi. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa inayamba kugaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero iri m'manja mwa Illovo, kampani yomwe iri ndi Nakambala kwathu ku Mazabuka. Pophika shuga patsala madzi akuda onata ochedwa molasesi, amene sauma kukhala shuga ngakhale muwaphike motani. Mu 1982 kunatsegulidwa fakitale yaciwiri pambali pace, ya Ethanol Company, yakuti izisandutsa molasesiyo kukhala mafuta. Kacitidwe kace mai ali yense wodziwa kucheza kacasu angakamve: asungunula molasesi ndi madzi, athiramo yisiti kuti awire, kenaka acheza, nabwerezanso mpaka madzi atatha. Tani imodzi ya molasesi ipereka malita pafupifupi 250.

Cifukwa cimene Amalawi anayambira nchitoyi n'cosabvuta kucimva kwa ife a dziko lopanda dooko la kunyanja yamcere. Mitengo ya mafuta inakwera koopsa pa dziko lonse mu 1973 ndiponso mu 1979, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala zimene Malawi anali kudalira. Ife tinali ndi paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Anzathuwo analibe, ndipo lita iri yonse yocokera m'munda wa nzimbe inali lita imene sanafunikire kuigula ndi ndarama zakunja. Brazil anali atayamba kale njira yomweyi mu 1975, ndipo Zimbabwe anatsegula fakitale yace ku Triangle mu 1980. Mu 2004 Malawi anaonjeza fakitale ina, ya PressCane, ku Chikwawa, yodalira molasesi wa ku Nchalo. Mkulu uja anatha ndi kunena kuti amalume athu anadula nzimbe zaka zoposa 20 ndipo sanakhalepo ndi galimoto, koma mikono yao inayendetsa nduna ndi mabwana. Mlongo wanga analira pamenepo koposa m'mene analirira kumanda tsiku lotsatira.

Ciliza tinaciona, mapemphero anacitika, nsima ya kondoole ndi usipa tinadya, ndipo tsiku lacinai tinabwerera. Galimoto inafika ku Chipata, koma inali kunjenjemera ikaima ndipo inali kumwa mafuta mopitirira. Makanika wa ku Dwangwa anali atacenjeza kale kuti dzimbiri lina linapyola sefa ndi kutseka timabowo timene tipopera mafuta m'injini. Asanatisiye anatsekera botolo lija bwinobwino nalipereka kwa alamu, nati, "Ili musataye. Wogulitsa akakana, mumuonetse."

Sabata yotsatira ndinaperekeza alamu ku Lusaka, kalata ya waranti iri m'Baibulo, lisiti la ku Salima ndi botolo ziri m'cikwama. Wogulitsa anatilandira ndi ulemu, natipatsa mipando, namvetsera nkhani yonse osadula mau. Alamu atatha, iye anatembenuza kalata ija kuseri, kumene kunali malemba ang'onoang'ono a Cingerezi, nati, "Aphunzitsi, tawerengani ndime izi." Ndime ina inati lonjezo siligwira pa bvuto lobwera cifukwa ca mafuta akuda kapena osayenera. Ina inati siligwira galimoto ikaturuka m'Zambia popanda kudziwitsa wogulitsa. Yacitatu inati litheratu ngati makanika wina agwira galimoto. Alamu, amene anaphunzitsa Cingerezi ana osawerengeka, anawerenga ndime zitatuzo mokweza, ndipo mau ao anali kucepa pa ndime iri yonse.

Komabe sanagonje msanga. Anaimika botolo pa tebulo nafunsa ngati dzimbiri lotere lingamere m'miyezi iwiri. Anati galimotoyo inakhala nthawi yaitali pa dooko ndi pa bwalo la wogulitsa thanki iri yopanda mafuta, ndipo m'thanki yotere mame alowa usiku uli wonse. Anafunsanso kuti mafuta oyenera ndi ati, popeza buku la galimoto ndi kapepala ka pa citsekero ca thanki zonse ziri m'cilembo ca Cijapani, ndipo pogula panalibe amene anachula E10 kapena E20. Wogulitsa anayankha ndi funso lace: kodi kumudzi kuja, kutali ndi pomwetsera mafuta, aphunzitsi sanagulepo petulo wa m'zigubu? Alamu ndi munthu wosanama. Anabvomera kuti anagulapo kawiri. Wogulitsa anatambasula manja nati ndiye kuti madzi analowera pamenepo.

Mkangano wotere si wa alamu okha. Pamene boma la Zimbabwe linalamula mu 2013 kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol, makamaka wa ku Chisumbanje, eni galimoto ndi ogulitsa anakangana kwambiri za mlingo umene injini zingapirire ndi za amene adzalipira zikaonongeka. Ku India, pamene E20 anafalikira m'dziko lonse mu 2025, madandaulo a mtundu womwewu anafika mpaka ku bwalo lalikulu la milandu, limene linakana kuletsa mafutawo. Konseko boma liri ndi zifukwa zace zomveka, wopanga galimoto ali ndi buku lace, wogulitsa ali ndi ndime zace zakuseri, ndipo wotsala pakati ndiye mwini galimoto.

M'kuona kwanga onse awiri anali ndi mbali yao ya coonadi. Dzimbiri lija linali lakale, ndipo wogulitsa woona mtima akanatsuka thanki ndi kusintha sefa asanaike galimoto pa malonda. Koma madzi okwana zala zitatu sangabwere ndi mame okha, ndipo petulo wa m'zigubu sadziwika kwao: wina ali ndi madzi, wina waoloka malire usiku ali kale ndi ethanol, wina wakhala padzuwa milungu ingapo. Cimene cinandipweteka ndi ndime ya malire ija. Kugulitsa galimoto kwa munthu wa ku Chadiza, amene amalume ace ali ku Malawi ndipo azakhali ace ali ku Mozambique, ndi kumuuza m'malemba osaoneka kuti asaoloke malire, kuli ngati kumgulitsa bwato ndi kumletsa kupita nalo pamadzi akuya.

Nkhaniyi ikhudza ngakhale inu amene mulibe galimoto. Njinga zamoto, majenereta ndi tiinjini topopera madzi m'madimba zacuruka m'midzi yathu, ndipo zambiri mwa izo ndi za kabureta. Kainjini ka m'dimba kagwira nchito m'cilimwe, ndipo mvula ikayamba kaikidwa m'nyumba miyezi isanu mafuta ali momwemo. Ngati mafutawo ali ndi ethanol, akoka cinyontho ca dzinja, ndipo pofika Meyi kabureta yadzala utoto ndi dzimbiri. Makanika wa ku Dwangwa anati iye akhuthula thanki ndi kusiya injini ilire mpaka izime yokha asanaisunge, ndipo petulo wokaikitsa ayamba wamuthira m'botolo loyera ndi kumuyang'ana.

Mlandu wa alamu unatha motere. Atatopa ndi kukangana anauza wogulitsa kuti adzalemba kalata ku bungwe la boma lomva madandaulo a ogula, la Competition and Consumer Protection Commission, limene ligwira nchito pansi pa lamulo la mu 2010, ndipo kuti botolo lidzapita pamodzi ndi kalatayo. Wogulitsa anaturuka panja kukalankhula pa foni. Atabwerera anati, mwa cifundo cabe ndipo osati cifukwa ca waranti, adzapereka zitsulo zatsopano zopopera mafuta, koma ndarama za makanika ndi za pampu ya ku Dwangwa zikhale za alamu. Ine ndinafuna kuti tipitirire nao mlandu. Alamu anawerenga pa zala masiku otsala kuti mvula igwe, ndi anthu amene anali kudikira kunyamulidwa feteleza wao, ndipo anabvomera.

Galimoto ikuyenda mpaka lero pakati pa mudzi ndi Chipata, ndipo ku Malawi yapitako kawiri cibwerere, kumwa petulo wa ku Mchinji popanda kutsokomola. Botolo lija alamu analiimika pa zenera la cipinda cocezera. Petulo wa pamwamba wasanduka wacikasu, madzi a pansi akali otuwa, ndipo mlongo wanga wanena kangapo kuti adzalitaya kudzala tsiku limene alamu adzapite ku boma osakhoma citseko.